Mchere magalamu 50 m'madzi 500 ml: mwana wa Fomu 3 akuti si 10 peresenti

NaChisale_Bio, Lachisanu madzulo

Moni nonse. Ndine mphunzitsi pa CDSS ina kuno ku Ntchisi, ndipo pali nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri. Amene Chemistry imakuyenderani, chonde ndithandizeni Lolemba lisanafike.

Ku koleji ine ndinachita Biology ndi Agriculture. Koma mnzathu wa Chemistry atasamutsidwa teremu yathayi, ahedi anangondiitana mu ofesi n'kunena kuti, "Madamu, sayansi ndi imodzi, tengani Fomu 3." Ndikanatani? Labu tilibe. Chimene tili nacho ndi kabati imodzi mu staff room, momwe muli ma beaker anayi, measuring cylinder ya 100 ml imene manambala ake ayamba kufufutika, ndi mabotolo ena opanda malebulo oti aliyense amaopa kuwatsegula. Sikelo ndi yanga, yakukhitchini ija ya mabatire, ndinagula ku Lilongwe kuti ndiziyezera fulawa wa mandasi. Imawerenga galamu imodziimodzi mpaka makilogalamu 5.

Ndiye ndinaganiza kuti popeza anawo ndi omwewo, pa Chemistry tipange madzi a mchere a mphamvu zosiyanasiyana, kenako pa Biology tiviikemo zidutswa za mbatatesi, osmosis (kuyenda kwa madzi kuchoka kumene mchere ndi wochepa kupita kumene ndi wambiri) aione ndi maso. Ndinayamba ndi 10 peresenti. Pa bolodi ndinalemba kuti 10 peresenti ya 500 ndi 50. Tinayeza mchere magalamu 50, mnyamata wina anayeza madzi kasanu ndi cylinder ija mpaka kukwana 500 ml, tinathira zonse m'botolo la Sobo, tinakhutchumula mpaka mchere kusungunuka, ine n'kulemba ndi marker pabotolopo: 10%. Mumtima ndinati basi, Chemistry si iyi.

Kenako mtsikana wina wa kumbuyo kwenikweni, amene chaka chonsechi sindinamvepo mawu ake m'kalasi, anakweza mkono. "Madamu, nanga mcherewo ukulowa pati pa samuyo?" Ndinamuuza kuti abwereze. Iye anati, "M'botolomo simulinso 500. Muli madzi 500 ndi mchere 50, ndiye 550. Ndagawa 50 ndi 550 n'kuchulukitsa ndi 100, ikundipatsa 9.09." Kalasi yonse zii, maso onse pa ine. Mwamwayi belu linali pafupi kulira. Ndinangoti, "Funso labwino, tidzakambirana Lolemba pa double period." Yankho limeneli mphunzitsi aliyense amalidziwa.

Ku staff room nkhaniyi inatigawa. Aphunzitsi a Masamu akuti mwanayo walondola, palibe zokambirana. Bambo ena, amene akazi awo ndi anamwino, akuti kuchipatala amawerenga magalamu pa 100 ml, ndiye ine ndili bwinobwino, ndisalole mwana kundisokoneza. Usiku ndinatsegula buku. Formula ikuti mass of solute (kulemera kwa chosungunulidwacho, apa mchere) kugawa ndi mass of solution (kulemera kwa zonse zikasakanizika), kuchulukitsa ndi 100. Ndivomere pano poti simukundiona nkhope: zaka zonsezi ndikamawerenga mawu oti solution, m'mutu mwanga ndimangoona madzi okhaokha.

Ndiye ndiuzeni mosandinyengerera. M'botolo langa lija muli maperesenti angati? Ngati ndalakwitsa, nditaye kapena pali pokonzera? Ndikufunanso 5, 2 ndi 1 peresenti, koma sikelo yangayi ikafika pa magalamu awiri kapena atatu imangovina, pano 2, pano 3, pano 1. Chinanso, mchere umene ndagwiritsa ntchito ndi wa mibulu wa pamsika, woyeza pa kambale uja, ndipo dzinja lino ndi wonyowerako. Madzi ndi a pamjigo. Pansi pa botolo patsala tinthu totuwa ngati mchenga. Kodi zimenezi nazo zikuononga samu?

Wopuma_Physical, Lachisanu usiku

Madamu NaChisale, Lolemba mukamupatse mwanayo choko akalembe yekha pa bolodi. Walondola. Ine ndinaphunzitsa Physical Science zaka zambiri asanaigawe kukhala Physics ndi Chemistry, ndipo ana oona chinthu chimenechi paokha, osauzidwa, anali osowa. Musachite naye manyazi, mumusamale.

Buku litsekeni kaye. Mayi akamakonza ufa wa phala la mwana amatenga mbale 4 za chimanga ndi mbale imodzi ya soya n'kupita nazo kuchigayo. Soya ndi gawo lanji la ufawo? Mbale zonse ndi 5, ya soya ndi imodzi mwa zisanuzo, ndiye 20 peresenti. Palibe amene anganene kuti imodzi mwa zinayi, chifukwa soyayo nayenso ali m'thumba lomwelo. Mchere ndi chimodzimodzi. Tikati 10 peresenti potengera kulemera, ndiye kuti pa magalamu 100 alionse a madzi amcherewo, magalamu 10 ndi mchere, 90 ndi madzi. 100 ija ndi ya zonse pamodzi. Mukafuna magalamu 500, mchere ndi 50, madzi ndi 450. Inu munathira madzi 500, n'chifukwa chake m'botolo lanu muli 9.1.

Pokonzera palipo. Madzi 500 amene munathirawo ayenera kukhala magawo 90 mwa 100. Gawani 500 ndi 90, muchulukitse ndi 10, mupeza 55.6. Ndiye mukuperewera magalamu 5.6 a mchere. Pa sikelo yanuyo onjezani 6, mukhala ndi 56 mwa 556, zomwe ndi 10.07. Koma ndikanakhala ine ndikanayambiranso anawo akuona. Mchere si wodula chotere.

Nayi njira imene ndinkachita ine. Cylinder isiyeni m'kabati. Ikani botolo lopanda kanthu pa sikelo, dinani batani lolembedwa TARE kapena ZERO kuti iwerenge 0. Pindani pepala ngati fanelo, thirani mchere mpaka 50. Osadinanso batani. Yambani kuthira madzi mpaka sikelo inene 500. Mukafika cha pa 490 lekani kuthira ndi jagi, malizani ndi supuni, chifukwa madzi akapitirira simungawachotse popanda kuchotsa mchere. Apa mwana aliyense aona ndi maso ake kuti 500 ija mchere uli momwemo. Kuyeza madzi ndi cylinder si kolakwika, pakuti 1 ml ya madzi oyera imalemera pafupifupi galamu imodzi, 0.998 pa 20°C. Koma mukayeza kasanu ndi cylinder yofufutika, kulakwitsa kwanu nako kumabwera kasanu.

Tsopano chinthu chimene ndinkachikonda. Magalamu 500 a madzi a 10 peresentiwo sakwana 500 ml. Amakhala cha pa 467 ml, chifukwa 1 ml yake imalemera magalamu 1.07. Chodabwitsa n'chakuti mchere wouma wa magalamu 50 umatenga malo okwana pafupifupi 23 ml, ndiye munthu angayembekeze 450 kuphatikiza 23, kupeza 473. Ina 6 ija yapita kuti? Ana anga ankalozerana kuti wina wataya. Palibe wataya. Mchere ukasungunuka umagawika kukhala tizidutswa tosaoneka totchedwa ma ion a sodium ndi chloride, ndipo mamolekyulu a madzi amaunjikana mothinana kuzungulira ma ion amenewa. Malo amachepa, koma kulemera sikusowa ngakhale galamu imodzi. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene ine ndimakhulupirira sikelo kuposa mzere wa pagalasi. Ndi cylinder yanuyo 6 ml simuiona, koma mutha kuchita ichi: iikeni pa sikelo, dinani ZERO, dzazani madzi wamba mpaka pa 100 ml, muona 100 kapena 99. Khuthulani, dzazani madzi amchere aja, muona 107. Ikakupatsani 107 dziwani kuti mwaphika bwino.

Za 5, 2 ndi 1, musayese n'komwe kuyeza mchere wa magalamu awiri pa sikelo ya mandasi. Ikaphonya galamu imodzi pa magalamu 2 ndiye yaphonya theka lonse. Tengani ku 10 peresenti yanu ija muzisungunula ndi madzi. Pa 5 peresenti, magalamu 100 a madzi amchere ndi magalamu 100 a madzi wamba. Pa 2 peresenti, 40 ndi 160. Pa 1 peresenti, 20 ndi 180. Apatseni anawo atsimikize okha: m'magalamu 40 a 10 peresenti muli mchere magalamu 4, ndipo 4 mwa 200 ndi 2 mwa 100. Mukhala ndi magalamu 200 pa mtundu ulionse, ndipo m'botolo lalikulu mutsala 340.

Mchere wa mibuluwo ndiwo ukukuberani. Totuwa tapansito ndi mchenga ndi fumbi, zinakwera nawo sikelo koma si mchere. Chinyezi nachonso chinakwera nawo. Ndiye mwina ngakhale 9.1 ija simunaifike. Gulani paketi ya mchere wosalala ku golosale. Ngati wanyowa, uumitseni pa chiwaya pa moto wochepa, uzizire, kenako muyeze. Za ayodini musade nazo nkhawa, amakhala mamiligalamu ochepa pa kilogalamu yonse. Madzi akachita mbuu pang'ono, ndi mankhwala amene makampani ena amathira kuti mchere usaumbike, alibe vuto. Madzi a pamjigo alaweni. Ngati sakumveka mchere, pa ntchito ya mbatatesi ndi okwanira. Mukanakhala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere kale, ndikanakuletsani. Koma poti mvula ikugwa, tcherani beseni loyera pabwalo, osati pansi pa denga.

Namwino_waUsiku, Loweruka m'bandakucha

Pepani ndilowerere, ndili pa night duty ndipo wodi ili phee.

Bambo a ku staff room aja sananame kwenikweni, koma nkhani anaimva theka. Pa thumba la diripi ya Normal Saline pamalembedwa 0.9% w/v. Zilembo ziwirizo ndiye nkhani yonse: magalamu 0.9 a sodium chloride mu 100 ml, kapena magalamu 9 pa lita. Ife timawerenga chonchi chifukwa wodwala sitimupatsa mankhwala pa sikelo, timamupatsa ndi sirinji ndi diripi, zomwe zimayeza ma ml. Koma ngakhale kwathu kuno, 100 ml ija si madzi amene wathira. Ndi zonse zikasakanizika. Umasungunula mchere m'madzi ochepa kaye, kenako n'kuonjezera madzi mpaka afike pa mzere.

Ndiye madamu, pali mabotolo atatu osiyana apa. Mchere 50 ndi madzi 450, ndiyo 10 peresenti ya agogo athu a Physical. Mchere 50 n'kuonjezera madzi mpaka zonse zifike pa mzere wa 500 ml, ndiyo 10 peresenti yakuchipatala, imene pa sikelo ingakhale cha pa 9.4. Mchere 50 n'kuthira madzi 500 ml athunthu, ndilo botolo lanu, lomwe silili kuno silili uko. Pa 0.9 kusiyanaku sikuoneka, chifukwa lita imodzi ya saline imangolemera magalamu pafupifupi 1,005. Mchere ukamachuluka m'pamene mpata umakula. Muziwauza ana alembe w/w (magalamu pa magalamu 100) kapena w/v (magalamu pa 100 ml) pa lebulo, asamangolemba % yokha.

Koma chimene chandidzutsa kuti ndilembe ndi china. Mukamaphunzitsa zimenezi, chonde tchulaniko ORS, imene ambiri amangoti Thanzi. Paketi ya muyezo wa WHO ndi UNICEF ndi ya lita imodzi, ndipo mkati mwake muli mchere magalamu 2.6, glucose 13.5, potassium chloride 1.5 ndi trisodium citrate 2.9. Onani kuchepa kwa mcherewo, sukwana ngakhale theka la peresenti imodzi. Ine ndakumanapo ndi amayi, osati mmodzi, amene anasungunula paketi yonse m'botolo la Fanta la 300 ml, ati kuti mankhwala akhale amphamvu mwana achire msanga. Pamenepo mphamvu yake yaposa katatu. Madzi otere akafika m'matumbo amakoka madzi kuchoka m'thupi, mwana amene akutsegula kale m'mimba n'kumaumiraumira, ndipo sodium amakwera m'magazi. Ndi osmosis yomweyo imene mukufuna kuonetsa ndi mbatatesi, kungoti apa mbatatesiyo ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Ngati paketi palibe, muyezo wapakhomo ndi theka la tiyisupuni ya mchere ndi matiyisupuni 6 a shuga, osasefukira, mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Ana a Fomu 3 ndi amene amatumidwa kusungunula zimenezi kunyumba.

Ndipo muwauze momveka: madzi amchere opanga okha m'botolo la Sobo si othira m'maso, si obaya, ngakhale samu italondola chotani. Za diripi zimapangidwa mopanda tizilombo. Belu la pa bedi 6 lalira, ndapita.

Mlimi_waMpunga_KK, Loweruka masana

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye ma w/w anuwo andidutsa. Koma madzi a mchere ndimapanga chaka chilichonse, ndipo sikelo yanga ndi dzira.

Kuno ku Nkhotakota timalima mpunga, ine ndimakonda Kilombero, ena Faya. Tisanafese nazale timasankha mbewu. Alangizi anatiphunzitsa chonchi: thira madzi mu ndowa, ponyamo dzira laliwisi, limira. Yamba kuthira mchere pang'onopang'ono ukutakasa ndi mthiko mpaka dzira lidzuke, kamsana kake kaoneke pamwamba kukula ngati kandalama kachitsulo. Chotsa dzira, khuthuliramo mbewu, takasa. Zoyandama wengula, zomira ndiyo mbewu yako. Ukatero tsuka msangamsanga ndi madzi abwino kawiri kapena katatu, ukachedwa mchere umapha mbewu. Ena amati bwanji osangogwiritsa madzi wamba. Madzi wamba amangoyandamitsa mphwepwa zenizeni, zopanda kanthu mkati. Koma zija zokhwima theka, zimene zimamera monyozoloka, zimamira nawo limodzi. M'madzi a mchere nazonso zimakwera. Ukaona kuchuluka kwa zimene wawengulazo mtima umawawa, koma nazale yake imamera mofanana ngati wameta ndi sizasi.

Chaka china ndinapusa. Nkhuku zanga zinali zitatha ndi chitopa, ndiye ndinagula dzira pa okala. Ndinangothira mchere pang'ono, dzira ili pamwamba. Ndinasangalala kuti chaka chino mchere ndapulumutsa. Kuthira mbewu, zoyandama zochepa kwambiri. Ndinazindikira mochedwa kuti dziralo linali lokhalitsa. Kuyambira pamenepo ndimafuna loikira tsiku lomwelo, ngakhale kukapempha kwa aneba. Chinanso, mchere wa mibulu umakhala pansi osasungunuka, ukapupuluma umathira wambiri, kenako dzira limadumpha ngati chikho. Ndipo madzi otsalawo osakataya m'munda kapena pafupi ndi nazale.

Ndiye agogo a Physical, tandiwerengerani. Madzi angawa ndi maperesenti angati? Ndowa yanga ndi ya malita 20. Ndikufuna ndizidziwiratu mchere wogula, chifukwa chaka chilichonse ndimabwerera ku msika kawiri.

Wopuma_Physical, Loweruka madzulo

Achimwene a ku Nkhotakota, dzira lanulo ndi chida chenicheni, ku labu timachitcha hydrometer, choyezera kulemera kwa 1 ml ya madzi poona mmene chikuyandamira. Dzira latsopano, 1 ml yake imalemera pafupifupi magalamu 1.08 kapena 1.09. Madzi a 10 peresenti ndi 1.07, a 12 peresenti ndi 1.086, a 14 peresenti ndi 1.10. Ndiye dzira limayamba kudzuka cha pa 12, ndipo kuti kamsana kaoneke pamwamba muli cha pa 13 kapena 14. Samu yake ndi ija ndawapatsa madamu. Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20. Pa 12 peresenti madziwo ndi magawo 88, ndiye 20 kugawa ndi 88 kuchulukitsa ndi 12, makilogalamu 2.7. Pa 14 peresenti, 20 kugawa ndi 86 kuchulukitsa ndi 14, makilogalamu 3.3. Gulani makilogalamu atatu ndi theka, simubwereranso ku msika. Koma ndowa ya malita 20 musaidzaze, mbewu isowa polowa. Mukathira malita 10, mchere ndi theka la pamenepo. Alimi a ku Japan amakhwimitsa kuposa apa, pa mpunga wamba amafikitsa 1.13, yomwe ndi cha pa 18 peresenti.

Dzira la pa okala linakupusitsani chifukwa chikamba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka. Masiku akamapita madzi amatuluka, mpweya n'kumalowa ku mbali yobulungira ija, dzira n'kumapepuka koma kukula kwake kuli komweko.

Madamu, tengani mazira awiri Lolemba, la tsiku lomwelo ndi lokhalitsa.

NaChisale_Bio, Lolemba usiku

Ndabwera kudzapereka lipoti. Zikomo nonse, ndagona nazo kumapeto a sabata onsewa.

Ndinalowa m'kalasi ndi botolo lakale lija m'manja, n'kunena kuti, "Lebulo iyi ndi yabodza, ndipo analemba ndine." Anyamata a kumbuyo anaombera m'manja, ana achipongwe. Ndinamuitana mtsikana uja n'kumupatsa choko. Dzanja linkanjenjemera mpaka choko chinathyoka, koma analemba 50 pamwamba, 550 pansi. Nditamufunsa kuti tionjezere mchere wochuluka bwanji kuti ifike 10, anayamba ndi kunena 5. Anaima, anayang'ana bolodi, n'kuti, "Ayi, ukaonjezera pamwamba, pansi pasinthanso." Inatenga mphindi zingapo ndi thandizo la anzake awiri, koma 55.6 inatuluka. Nkhani ya soya ndi chimanga ndiyo inatsegula mitu ya otsalawo, agogo. Mpaka wina anati kwawo amathira mbale 3 za chimanga, ndiye phala lawo ndi 25 peresenti, n'chifukwa chake iye ndi wonenepa.

Tinapanga zatsopano ndi mchere wa m'paketi ndi madzi a mvula. Mchere 50, madzi mpaka 500, ndipo pa 488 ndinalanda jagi n'kupereka supuni. Titayeza 100 ml, madzi wamba anatipatsa 99, atsopanowo 107, botolo lakale 106. Galamu imodzi pa sikelo ngati yanga si umboni woti n'kupita nawo kukhoti, koma 107 ija itaoneka ndinapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira Lachiwiri. Dzira la nkhuku yanga la m'mawa uno linamira mu 10 peresenti, koma pang'onopang'ono, n'kukaima chilili pansi ngati likuganiza zobwerera. La ku golosale linayandama nthawi yomweyo. Achimwene a mpunga, ana anga ambiri ndi a fodya ndi soya, koma nkhani yanu ya dzira la pa okala anaseka nayo mpaka misozi.

Mbatatesi tinadula timizere, gulu lililonse magalamu 20, tinaviika nthawi ya break n'kudzatulutsa pa period yomaliza, kupukuta ndi pepala, kuyezanso. Za m'madzi wamba zinafika 22, zolimba gwa, ukapinda zimathyoka. Za mu 1 peresenti zinakhala pa 20 pomwepo. Mu 2 peresenti 19, mu 5 peresenti 17, mu 10 peresenti 16, zofewa ngati mphira wa legeni, ukhoza kuzimanga mfundo. Ndinanyamula kamzere kofewako n'kuwauza za paketi ya Thanzi m'botolo la Fanta, monga mwanenera asisitala. Apa palibe anaseka. Mtsikana wina anati kwawo amasungunula mu kapu.

Panabukanso china chimene sindinakonzekere. Mnyamata wina anapempha kuti gulu lake lipange 30 peresenti, ati akufuna aone mbatatesi ikulira. Anayeza bwinobwino, mchere 30, madzi 70. Anakhutchumula period yonse, kusinthana manja anthu anayi, mchere uli mbwee pansi. Anayamba kunena kuti mchere wa m'paketi ndi wachinyengo. Ndinawauza kuti asiye botololo pa windo, ine n'kuthamangira ku buku nthawi ya lunch. Madzi okwana magalamu 100 amasungunula mchere pafupifupi magalamu 36 basi pa 20°C. Ndiye magalamu 70 a madzi sangapitirire cha pa 25, ena 5 aja atsala pansi ngakhale mutakhutchumula mpaka Khirisimasi. Ndinawerengera kuti malire ake ndi maperesenti angati, ndipo ulendo uno ndinagawa 36 ndi 136, osati ndi 100. Cha pa 26 ndi theka. Anyamatawo anati tiwiritse madzi ngati mmene timachitira ndi shuga wa mu tiyi. Buku lomwelo likuti ngakhale pa 100°C mchere umangofika cha pa magalamu 39, zomwe ndi 28 peresenti. 30 yawo ija kulibe. Sanakhulupirire, ati abwera ndi mbaula Lachinayi, ndipo ndawalola.

Botolo lakale sindinataye. Ndinakhwatcha 10% n'kulemba 9.1% w/w pambali pake, lili pamwamba pa kabati mu staff room. Bambo aja a akazi anamwino analiyang'ana, sananene kanthu, anangopempha kuti ndiwabwereke sikelo akayezere nyemba.

Sabata yamawa tikulowa molarity (kuwerenga ma mole, muyezo wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu, pa lita imodzi), ndiye agogo musagone. Ndayesa ndekha: ngati lita imodzi ya 10 peresenti ikulemera magalamu 1,070, mchere wake ndi magalamu 107. Kugawa ndi 58.5, magalamu a mole imodzi ya mchere, ndikupeza 1.83 M, kutanthauza ma mole 1.83 pa lita. Ndalondola, kapena pali chinanso chimene mtsikana uja akandikwezere mkono?